Chizindikiro Chimene Anamanja Sanaphunzitse

Tsiku loyamba kukasiya mwana wanga kwa Anamanja ndinatsala pang'ono kubwerera naye pakhomo pomwepo. Nyumba yosungira makanda imadziwika ndi phokoso, umamva udakali pamsewu kuti apa ndiye pamenepa. Koma kwa Anamanja kunali zii. Ndinakankha chitseko n'kupeza tiana tingapo titakhala pa kapeti, maso onse ali pa mayi wamtali wa imvi amene anakhala pansi atatambalala. Kamwana kena kanakweza dzanja, kufumbata, kufumbatula. Mayiyo anabwezera chimodzimodzi, kenako n'kukapatsa botolo la mkaka. Palibe amene analira.

"Amayi, anawa mwawamwetsa chiyani?" ndinafunsa, pakuti ine pakamwa panga sipachedwa.

"Palibe chimene ndawamwetsa, mwana wanga," anatero akuseka. "Mwana amalira chifukwa ali ndi nkhani koma alibe poitulutsira. Lilime limachedwa kukhwima, manja amafulumira. Ndiye ine ndimayambira kumanjako."

Ndinamusiya mwanayo mtima uli m'mwamba. Ndikanatani? Ndimaluka tsitsi ku saluni, tchuthi cha uchembere chinali chitatha, ndipo Anamanja ankakhala m'nyumba yosanja yomwe ifenso tinkakhala, ife pamwamba, iwo pansi pafupi ndi masitepe. Sindinkadziwa kuti tsiku lina kamwana kangako ndi kamene kadzatsale kokha kowagwira mayiwa kuti asatichokere.

Mwanayo timamutchula kuti Abwana. Dzinali anawapatsa ndi bambo awo, chifukwa chibadwireni ankatilamula ndi kukhosi kokha. Akakuwa, nyumba yonse inkaimirira, wina kuthamangira botolo, wina thewera, tonse osadziwa chimene chalakwika.

Mbiri ya Anamanja ndinaitola pang'onopang'ono, madzulo ndikamakatenga mwana. Ali mtsikana ankasoka nsalu za mipando pa shopu ina ya akalipentala. Mmenemo macheka amagetsi akayamba kulira, aliyense ankasanduka wosamva, ukakuwa mnzako amangoona milomo ikugwedera. Koma munali mmisiri mmodzi amene anabadwa wosamva, ndipo paphokoso limenelo ndi yekhayo amene ankacheza bwinobwino. Ankaima kutsidya kwa shopu n'kumayerekezera mmene mwini shopu amayendera, mimba patsogolo, manja kumbuyo, mtsikana wosoka uja n'kuseka mpaka kudzibaya ndi singano. Pofika nthawi imene ankamva zonse zimene manja a mmisiriyo ankanena, mtima unali utapita kale.

Achibale anakana. "Munthu wosamva udzakangana naye bwanji?" anafunsa azakhali awo. Anamanja akamakumbukira funso limeneli ankaseka mpaka misozi. "Tinkakangana bwino kwambiri, aneba osamva kanthu. Ndikatopa nawo ndinkangotsinzina, basi mlandu watha."

Anabereka mwana mmodzi, wamwamuna. Kamwanako kanali kasanayambe n'kukwawa komwe pamene kanayamba kupempha mkaka ndi dzanja, potengera mmene makolo ake ankachezera. Aneba amene ana awo ankalira kutacha kutada anayamba kubwera kudzafunsa. Wina anasiya wake tsiku limodzi, wina sabata yonse, mpaka Anamanja anaphimba makina osokera n'kuwakankhira pakona. Mwana wawo uja anakula, amayendetsa magalimoto akuluakulu kudziko lina, amaimba foni pakapita nthawi. Amuna awo anadwala n'kumwalira ife tisanasamukire m'nyumbamo. Anamwalirira m'kachipinda kakumbuyo kamene ankapaliramo matabwa atasiya ntchito ku shopu. Chitseko cha kachipindako chinali kumapeto kwa chipinda cha ana, chotseka nthawi zonse, koma chopanda loko.

Kaphunzitsidwe kawo kanalibe bolodi kapena buku. Ankadikira kuti mwana afune chinthu kaye. Akaona maso ali pa kapu, ankagwada mpaka nkhope yawo ifanane ndi ya mwanayo, n'kunena kuti "madzi" uku akugogoda chibwano ndi chala. Kenako ankatenga kadzanja ka mwana n'kukagogodetsa pa kachibwano kake, n'kumupatsa madziwo. Mawa chimodzimodzi, mkucha chimodzimodzi, osatopa, osakalipa. Apongozi anga atamva anaimba foni kuti mwana timusandutsa bubu. Ndinawafunsa kuti mwana wawo amene ndinakwatiwa nayeyu anaphunzitsidwa ndi pakamwa, nanga bwanji ukamufunsa kanthu amangoti "mm"? Sanaimbenso mwezi umenewo.

Abwana anagwira msanga. Tulo kunali kugoneka tsaya pachikhatho, kukhuta kunali kupukuta manja ngati ukusasa fumbi. Tsiku lina anatsina mphepo n'kuloza khutu, chizindikiro cha kuwawa, ndipo ku chipatala anapezadi kuti khutulo latupa mkati. Ndinalira pa mzere wolandirira mankhwala, osati ndi chisoni ayi, koma kuti munthu wopanda dzino ndi limodzi lomwe wandiuza pamene pakumupweteka. Bambo awo nawonso anaphunzira zizindikiro, koma ziwiri zokha, cha tiyi ndi cha kuwonjezera. Amuna!

Anamanja anali ndi lamulo limodzi, ndipo kholo lililonse ankaliuza ataliyang'ana m'maso. "Dzanja la mwana likakwera, liyankheni. Kaya muli pa foni, kaya mphika ukupserera, kaya yankho lake ndi ayi, koma liyankheni. Mukamuphunzitsa munthu kuitana, musamusiye akuitana yekha." Iwo eni ankaterodi. Ndinawaonapo akusintha thewera ndi dzanja limodzi, linalo likuyankha kamwana kamene kali pakona.

Zachilendo zinayamba Lamlungu lina masana. Abwana anali pansi akusewera ndi zipeso zanga. Mwadzidzidzi anasiya, n'kukweza dzanja lamanzere, kulipinda pamfundo, kugogoda nalo pachifuwa n'kulikokera kumbali ngati munthu amene akukoka chingwe. Anabwereza. Nkhope inali phee, yosaseka, yosalira, ya munthu amene watumidwa. Ndinayesa madzi, ndinayesa mkaka, ndinayesa kuwanyamula, osatheka. Komanso Abwana si amanzere, supuni amagwira ndi lamanja.

Pa masitepe ndinafunsa amayi anzanga. Aliyense anati eya, wanganso akuchita zomwezo, ndimayesa n'chizindikiro chatsopano. Nditawafunsa Anamanja anangoti, "Ana amasewera," n'kutembenuka kukatsuka botolo loyera kale.

Tsiku lina kasitomala amene ndinkamuyembekezera sanabwere, ndiye ndinaweruka dzuwa likadali pamutu. Inali nthawi yoti ana agone. Ndinatsegula chitseko mwakachetechete kuti ndisawadzutse, koma palibe amene anali mtulo. Onse anali atakhala tsonga pa matilesi awo. Ankayang'ana chitseko cha kachipinda kakumbuyo, kenako n'kutembenukira kwa Anamanja, manja amanzere m'mwamba, kugogoda pachifuwa, kukoka. Kuyang'ananso chitseko, kutembenukanso, kukoka. Munalibe phokoso ngakhale pang'ono, kupatula timalaya tawo tikukhulana ndi mikono. Anamanja anali pampando, atakumbatira kamwana kakang'ono kwambiri ndi manja onse awiri, maso ali pansi. Mayi amene sankasiya dzanja la mwana osaliyankha anali atazunguliridwa ndi manja, osayankha ndi limodzi lomwe.

Ndinanyamula Abwana n'kulunjika pakona ya msewu, pamene pamakhala wosoka nsapato. Bamboyu ndi wosamva, ndipo anali mnzawo wa malemu. Ndinawachitira chizindikiro chija n'kukweza mapewa, kufunsa. Anaika pansi nsapato imene ankasoka. Poyamba anandionetsa kuitana kwa masiku onse, kukodola ndi zala kumene aliyense amakudziwa, n'kupukusa mutu kuti si kumeneko. Kenako anayerekezera macheka akuyenda pathabwa, n'kupinda zala za dzanja lamanja kuti zisaoneke, ngati zadulidwa. Analoza windo la Anamanja, analoza mphete ya ukwati pachala chake, n'kuchita chizindikiro chija ndi dzanja lamanzere, ndendende mmene Abwana ankachitira. Ndinamva zonse. Macheka atawadula zala za kumanja, malemu anasamukira ku dzanja lamanzere, ndipo kukoka kumeneko kunali kuitana kwawokwawo, koitanira mkazi wawo yekha. Wosoka nsapatoyo anawayang'ana Abwana nthawi yaitali, kenako anatola zida zake n'kuweruka usana womwewo.

Si ine ndekha amene ndinaganiza zokafunsa pakonapo. Nkhani inakwera masitepe mofulumira kuposa ine, ndipo pofika ku saluni inali itanenepa moti sindikanaizindikira. Amayi anayamba kutenga ana awo. Wina akuti apongozi abwera, azilera ndi iwo. Wina akuti kwatalika, chonsecho amakhala chitseko chachiwiri kuchokera pomwepo. Anamanja ankalongedza matewera ndi mabotolo, kupsompsona mwana pamutu, osafunsa kanthu.

Anesi amene amakhala pamwamba pathu ndi amene analankhula zanzeru. "Inu, musadzipusitse. Munthu wolankhula ndi pakamwa akakalamba amang'ung'udza yekha. Wolankhula ndi manja amang'ung'udza ndi manja. Mayi aja amachita chizindikirocho osadziwa, akamakumbukira amuna awo, ana n'kumatengera. Basi." Ndinawakonda anesiwo tsiku limenelo. Koma mwana wawo anali atamuchotsa kale.

Mawu amenewa ndinapita nawo kwa Anamanja mosangalala, ngati ndawagulira mankhwala.

"Mwina ndi choncho," anatero. "Ndikanakonda zitakhala choncho. Koma taonani manja angawa, amake Abwana. Chiyambireni zimenezi sindiwasiya opanda kanthu. Ndikapanda mwana ndimagwira thaulo, ndikamagona ndimawagonera."

"Ndiye mukuti chiyani, amayi?"

"Ndikuti akundiitana. Ine sindiwaona. Anawa ndi amene amaona manja, poti ndi ntchito imene ndinawaphunzitsa." Anayang'ana chitseko chija pang'ono n'kubweza maso. "Ukwati wathu wonse sindinasiyepo dzanja lawo lili m'mwamba. Aka n'koyamba, ndipo zikundipweteka. Koma anali munthu wolemekeza ntchito. Akandipeza ndanyamula mwana ankaima pakhomo n'kudikira. Thaulo silingawanamize nthawi yaitali, koma mwana amamudikirira."

"Nanga ana akatha?"

"Ndidzasowa chonamizira."

"Inuyo mukufuna kupita?"

"Ayi, mwana wanga, sindikufuna!" Ananena mokweza mpaka Abwana anatembenuka. "Bambowo ndimawakonda, Mulungu akudziwa. Koma kuno sindinatope nako. Ndikuopa."

Kunyumba ndinapeza bambo a Abwana atakonzeka kale. "Mawa mwanayu sapitanso kumeneko. Anzanu onse achotsa, inu ndinu ndani?"

Ee, anandiputa dala. "Mayi amene anaphunzitsa mwana wanu kunena pamene pakuwawa, mukufuna ndiwasiye lero poti kukuwawa ndi kwa iwo? Ngati muli munthu wakufa m'chipindamo, akufuna mkazi wake, sakufuna mwana wanu wa mphuno ngati yanuyo!" Zoona zake inenso ndinkaopa potsika masitepe. Koma ndinkatsikabe.

Abwana anatsala okha. Chipinda chachikulu chija, matilesi ataunjikidwa pakona, munali mayi mmodzi ndi mwana mmodzi. Anamanja ankawanyamula tsiku lonse, ngakhale anali atayamba kuyenda ndi kulemera ngati thumba la simenti. Chizindikiro chija Abwana ankachitabe. Nthawi zina ankakhala akudya nthochi, dzanja lamanja kukamwa, lamanzere likugogoda ndi kukoka palokha.

Kenako m'mawa wina, ndikuwaveka nsapato, Abwana analoza kapu n'kunena momveka bwino kuti, "Madzi." Bambo awo analumpha, anaimbira foni abale onse mpaka amene sitilankhulana nawo. Ine ndinakhala pansi nsapato ili m'manja. Mayi aliyense amayembekezera mawu oyamba a mwana wake, koma ine ndinawalandira ngati uthenga wa matenda. Mwana wolankhula amataya zizindikiro, ndipo sakhalanso pamiyendo pa munthu.

Zinaterodi. Pasanapite nthawi Abwana anasanduka wailesi, ndipo kuwanyamula kunali kumenyana. Madzulo ndinkawapeza Anamanja atakhala pampando, manja ali pamiyendo atapanikizana zolimba mpaka mitsempha kutuluka. Anali ataonda. Tsiku lina ndinaona dzanja lawo limodzi likutukuka palokha, linalo n'kuligwira kulibwezera pansi. Anazindikira kuti ndaona.

Ndinayamba kusaka mwana. Kasitomala aliyense wokhala pampando wanga ndinkamufunsa ngati ali ndi khanda, kapena mng'ono wake, kapena neba wake. Onse anali atamva kale. Ena ankandiyang'ana pagalasi ngati ndazungulira mutu, ena anasiyiratu kubwera. Mwini saluni anandikokera pambali kundichenjeza kuti ndikuthamangitsa anthu. Ndinawauza kuti ndamva, kenako n'kufunsa ngati mdzukulu wawo ali ndi womulera.

Ndiye kunabwera mtsikana wina wachilendo, khanda lili pachifuwa, akufuna malukidwe osavuta chifukwa Lolemba akubwerera ku ntchito ndipo alibe womusiyira mwana. Ndinamuuza zonse, osabisa kanthu, za chitseko, za macheka, za manja amanzere. Anandimvetsera mpaka kumapeto, maso ali pagalasi.

"Achemwali, ine ndine mlonda wa ku motchale," anatero. "Akufa sanandilakwirepo. Amene anandithawa ndili ndi mimba ndi wamoyo, akuyenda m'tauni muno. Mayiwo ana amawasamala?"

"Kuposa ine ndi inu."

"Ndiye ndidzabwera naye Lolemba."

"Lolemba n'kutali. Tiyeni pompano."

Sindidziwa chimene chinandigwira, koma ndinamukoka mtsikanayo mutu uli woluka mbali imodzi, chipeso chili m'tsitsi. Tinathamanga msewu wonse, anthu akutiseka.

Titalowa, choyamba kundifika chinali fungo la utuchi, la thabwa longopalidwa kumene. Chitseko cha kachipinda kakumbuyo chinali chotsegula. Mkatimo munalibe munthu, munali tebulo la ukalipentala lopanda zida ndi dzuwa likulowera pa windo. Abwana anaima pakati pa chipinda atagwira siketi ya Anamanja, akuwakokera komweko. Sankachitanso ndi dzanja. Ankanena ndi pakamwa, ndi kamawu kawo kokoma kaja, "Agogo, bwela. Agogo, bwela."

Anamanja anali ataimirira. Manja awo onse awiri anali atakwera kufika pachifuwa, opanda kanthu, ndipo zala zinali zitayamba kupindika kuti ziyankhe. Sindinapereke ndi moni womwe. Ndinatsomphola khanda kwa mayi ake n'kuliika m'manja amenewo. Manja anagwira okha, mmene amachitira manja amene anyamula ana moyo wonse. Khandalo linayasamula.

Anaima choncho kanthawi, akupuma ngati akwera masitepe onse a nyumbayo. Kenako anayang'ana pakhomo la kachipindako. Poti manja anali atatanganidwa, analankhula ndi pakamwa, mokweza.

"Manja adzaza, bambo. Mukuona nokha. Dikirani."

"Amayi," ndinanong'ona, "mukuwauza ndi pakamwa? Paja sankamva."

Abwana anasiya siketi. Anayang'ana pakhomo lija, mutu atapendeketsa, kenako n'kutembenukira kwa Anamanja.

"Agogo, nenanso."

Nkhope ya Anamanja inasintha pang'onopang'ono, misozi n'kuyamba kutsika, opanda dzanja loipukutira.

"Amva," anatero. "Amake Abwana, amva. Zaka zonse zija sanamvepo mawu anga, ngakhale tsiku limodzi."

Anakhala pampando khanda lili pachifuwa, nkhope ili kuchitseko, n'kuyamba kulankhula. Anayamba ndi kuwauza dzina lawo lomwe, mmene limamvekera likatchulidwa. Mlonda uja anandigwira pamkono. "Tiyeni mundimalize mutuwu, achemwali, izi si zathu." Ndinatenga Abwana n'kutuluka. Mutuwo ndinaumalizira pa masitepe, mizere ikukhota. Mawu a Anamanja ankamvekabe mkatimo, akuima pang'ono apa ndi apo kudikira yankho, kenako n'kupitiriza.